Sauli pa Giligala: Kodi Mfumu Yoyamba ya Israeli Inalakwa Pati?

Nkhani ya Sauli imayambira pa 1 Samueli chaputala 9 n'kuthera pa chaputala 31, pomwe iye akufa pa phiri la Giliboa. Ambiri timaidziwa mwachidule: Mulungu anamusankha, iye sanamvere, ufumu unapita kwa Davide. Chidule chimenechi chili ndi zoona zake, koma chimadumpha zambiri zomwe bukulo lalemba. Nkhani ino ikuunika milandu iwiri yomwe Sauli anakanidwira, wa pa chaputala 13 ndi wa pa chaputala 15, n'kuiyerekeza ndi zomwe mabuku a Samueli akunena za Davide ndi za ansembe a ku Nobu. Funso lake ndi ili: cholakwa cha Sauli chinali chiti kwenikweni, ndipo chilango chake chikulingana nacho? Yankho lake ndi lofunika, chifukwa machaputala awa amatsegulidwa kawirikawiri munthu waudindo akafuna kuti omutsatira asamufunse mafunso.

Munthu wake ndi nthawi yake

Sauli anakhalako zaka pafupifupi 1,000 Yesu asanabadwe. Anali mwana wa Kisi, wa fuko la Benjamini, ndipo kwawo kunali ku Gibeya. Akatswiri ambiri amati Gibeya ndi chitunda cha Tell el-Ful, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 5 kumpoto kwa Yerusalemu, pomwe William F. Albright anayamba kufukula mu 1922. Bukuli likutionetsa Sauli koyamba akufunafuna abulu a bambo ake omwe anasokera. Ngakhale atadzozedwa, pa chaputala 11 uthenga wa nkhondo ukumupeza akuchokera kumunda pambuyo pa ng'ombe zake. Sanalowe ufumu wokhazikika. Panalibe gulu la asilikali okhazikika, panalibe nyumba yachifumu, ndipo panalibe mfumu ina m'mbuyo mwake yoti aonereko.

Mdani wamkulu anali Afilisti a m'chigwa cha kunyanja. Pa 13:19-22 tikuwerenga kuti m'dziko la Israeli munalibe wosula zitsulo, chifukwa Afilisti ankaopa kuti Ahebri angasule malupanga ndi mikondo. Mlimi ankanyamula khasu, nkhwangwa ndi chitsulo cha pulawo kupita nazo kwa Afilisti kuti akamunolere. Mtengo wake walembedwa ndi liwu la Chihebri loti "pim", lomwe kwa zaka zambiri omasulira Baibulo ankalephera kulimvetsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ofukula zakale anapeza timiyala toyezera kulemera tolembedwa liwu lomweli. Kamodzi kamalemera pafupifupi magalamu 8, omwe ndi magawo 2 mwa magawo 3 a sekeli. Mdani yemwe akugwira chonolera cha khasu lako wagwira nkhokwe yako. Tsiku la nkhondo litafika, lupanga ndi mkondo zinapezeka ndi Sauli ndi mwana wake Yonatani okha.

Mmene zolembedwazo zilili

Tisanaweruze, tiyenera kudziwa mtundu wa umboni womwe tili nawo. Mfundo ndi zitatu.

Choyamba, mawu a Chihebri a 1 Samueli anaonongeka malo angapo powakopera. Vesi 13:1, yomwe iyenera kutiuza msinkhu wa Sauli, inataya nambala: mmene ilili ikunena kuti anali wa chaka chimodzi polowa ufumu, ndipo analamulira zaka 2. Pa Machitidwe 13:21 Paulo akuti zaka 40. Pa 13:5 Chihebri chikuti magaleta a Afilisti anali 30,000, pomwe mipukutu ina ya Chigiriki ndi Chisiriya ikuti 3,000. Mpukutu wa Samueli womwe unapezeka m'phanga lachinayi ku Qumran, lomwe linatulukiridwa mu 1952, uli ndi ndime yonse yonena za nkhanza za Nahasi mfumu ya Aamoni, yomwe m'Mabaibulo ambiri mulibe.

Chachiwiri, bukuli lili ndi malingaliro awiri pa nkhani ya ufumu. Pa chaputala 9 Mulungu ndiye akutuma Sauli kuti apulumutse anthu ake. Pa chaputala 8 ndi 12 kupempha mfumu kukutengedwa ngati kukana Mulungu, ndipo Samueli akutsimikiza mlanduwo ndi mabingu ndi mvula m'nyengo yokolola tirigu, nthawi yomwe m'dzikolo mvula sigwa. Sauli akulowa ntchito yomwe womudzozayo anaitsutsa kale.

Chachitatu, nkhaniyi inatifikira kudzera mwa alembi a ku Yuda, komwe banja la Davide linalamulira zaka zoposa 400. Buku la 1 Mbiri likupatsa Sauli chaputala chimodzi chokha, cha imfa yake. Izi sizikuchotsa umboniwo, koma zikutichenjeza kuti tiziwerenga ndime iliyonse payokha, chifukwa bukuli lasunganso zabwino za Sauli zomwe chidule chathu chimaziiwala. Pa 14:47-48 akuyamikiridwa kuti anamenya nkhondo mbali zonse n'kulanditsa Israeli kwa owafunkha.

Mlandu woyamba: masiku 7

Sauli anasankha amuna 3,000: 2,000 anali naye ku Mikimasi, 1,000 anali ndi Yonatani ku Gibeya. Yonatani atakantha kaboma ka Afilisti ku Geba, Afilisti anasonkhana ku Mikimasi, ndipo Sauli anatsikira ku Giligala, m'chigwa cha Yordano pafupi ndi Yeriko. Pa 10:8 Samueli anali atamuuza kuti akadikire kumeneko masiku 7 mpaka iye atafika kudzapereka nsembe ndi kumuuza chochita. Masikuwo anakwana, Samueli osaoneka. Anthu anayamba kubisala m'mapanga ndi m'maenje, ena anaoloka Yordano. Sauli anapereka yekha nsembe yopsereza, ndipo atangomaliza Samueli anatulukira n'kumuuza kuti ufumu wake sudzakhalitsa. Powerenga otsala, anapezeka pafupifupi 600.

Kawirikawiri timaphunzitsidwa kuti Sauli analanda ntchito ya wansembe. Umboni wa izi ndi wofooka. Samueli sakutchula mlandu wotere. Davide anapereka nsembe pobweretsa likasa ku Yerusalemu pa 2 Samueli 6, Solomo anapereka nsembe ku Gibeoni pa 1 Mafumu 3, ndipo palibe yemwe anadzudzulidwa. Sauli yemweyo akumanga guwa pa 14:35 popanda mawu omutsutsa.

Apa akatswiri agawikana. David Gunn, m'buku lake la mu 1980 lotchedwa The Fate of King Saul, akuti lamulolo linali lomveka pawiri, kudikira masiku 7 kapena kudikira mpaka Samueli afike, ndipo Sauli anasunga mbali yomwe ikanatheka. Kwa Gunn, Sauli ndi munthu yemwe chigamulo chake chinali chitapangidwa asanalakwe. V. Philips Long, mu 1989, anayankha kuti 10:7 ndi 10:8 ziyenera kuwerengedwa limodzi: Sauli anayenera kuyamba nkhondo ndi kaboma ka Afilisti komwe kanali kwawo, kenako n'kukadikira mneneri kuti amuuze zotsatira. Mbali yoyambayo anaichita ndi Yonatani, ndipo yachiwiriyo Sauli anaidumpha. Kwa Long, nkhani ndi yakuti mfumu ya Israeli ili pansi pa mawu a Mulungu, ndipo silamula nkhondo payokha.

Long akumveka bwino pa tanthauzo la lamulolo. Gunn akumveka bwino pa kulemera kwa chilango. Bukuli likunena lokha kuti Samueli sanafike pa nthawi yomwe anapangana, ndipo silikufotokoza chifukwa chake. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mtsogoleri yemwe asilikali ake atsika kuchoka pa zikwi kufika pa 600 ali ndi chifukwa chomveka choopera. Chomwe ndimeyi ikuonetsa bwino ndi chomwe chinamusuntha Sauli: anaona anthu akumuchokera. Chizindikiro chimenechi chibweranso.

Chaputala 14: mfumu yopembedza mopyola

Anthu omwe amati Sauli anali wosasamala za Mulungu ayenera kuwerenga chaputala 14. Yonatani ndi womunyamulira zida anakwera thanthwe la ku Mikimasi awiriwiri n'kusokoneza Afilisti. Sauli anaitana wansembe kuti afunsire kwa Mulungu, koma phokoso litakula anamuimitsa pakati. Kenako analumbiritsa asilikali kuti asadye kanthu mpaka madzulo. Zotsatira zake zinali zoipa. Anthu analefuka, ndipo madzulo anagwera nkhosa ndi ng'ombe n'kuzidya ndi magazi omwe. Sauli anaitanitsa mwala waukulu wopherapo ziweto kuti akonze cholakwacho. Yonatani, yemwe sanamve za lumbirolo, anali atalawa uchi m'nkhalango. Maere atamugwera, Sauli anagamula kuti mwana wakeyo afe, ndipo asilikali ndiwo anamulanditsa.

Munthu uyu akusala kudya, akuchita maere, akumanga guwa, akusunga lamulo la magazi. Pambuyo pake anachotsanso obwebweta m'dziko. Zopembedza sizikusowa mwa iye. Chikusowa ndi kuzindikira chomwe chili chofunika pa nthawi yake. Lamulo lomwe anadzipangira yekha anafuna kulisunga mpaka kupha mwana wake. Chaputala chotsatira chikumuonetsa akupeputsa lamulo lomwe anapatsidwa.

Mlandu wachiwiri: Amaleki

Pa chaputala 15 Samueli akulamula Sauli kuononga Aamaleki kotheratu, anthu ndi ziweto, chifukwa cha zomwe anachitira Aisraeli potuluka ku Igupto, nkhani yomwe ili pa Eksodo 17 ndi Deuteronomo 25. Liwu la Chihebri ndi "herem": chinthu choperekedwa kwa Mulungu kotheratu, choti munthu sangapindule nacho. Sauli anayamba wachenjeza Akeni kuti achoke pakati pa Aamaleki. Anapambana nkhondoyo, koma anasiya Agagi mfumu yawo wamoyo, pamodzi ndi ziweto.

Vesi 9 ndi yofunika kwambiri. Wolemba akunena kuti Sauli ndi anthu anasankha: nkhosa ndi ng'ombe zabwino, zonenepa, anazisunga, ndipo zonyozeka ndi zofooka anazipha. Aliyense woweta amadziwa tanthauzo la kusankha kotere. Ndi mmene munthu amasankhira ziweto za mbewu. Akanakhala kuti anagwidwa ndi chifundo, chifundocho chikanayamba ndi ana ndi amayi, koma iwo anaphedwa onse. Anapulumuka ndi mfumu ndi ziweto zamtengo. Sauli akuti zinali za nsembe ku Giligala, ndipo Gunn akuti mwina ankanena zoona. Komabe mtundu wa nsembe womwe akutchula ndi uja womwe opereka amadyako nyama. Chomwe chinayenera kukhala chosapindulitsa munthu chikanasanduka phwando la asilikali. Vesi 12 ikuwonjezera kuti pobwerera anadziimikira chipilala cha chikumbutso ku Karimeli.

Chaputala chonsechi chamangidwa pa mawu awiri a Chihebri. Loyamba ndi "shama", lomwe limatanthauza kumva komanso kumvera. Chichewa chimatithandiza apa, chifukwa nafenso kumvera kumachokera pa kumva. Lachiwiri ndi "qol", kutanthauza liwu kapena mawu. Samueli akuyamba ndi kuuza Sauli kuti amve mawu a Mulungu. Atakumana, Samueli akuti akumva kulira kwa nkhosa ndi ng'ombe, ndipo liwu lake ndi lomwelo. Pomaliza Sauli akuvomera kuti anaopa anthu n'kumvera mawu awo. Choncho mlandu wa Sauli ndi wakuti anamvera, koma anamvera liwu lolakwika. Mapanga awiri avumbwitsa: anafuna kukondweretsa mneneri ndi asilikali nthawi imodzi.

Tsatirani mmene lipoti lake likusinthira. Pa vesi 13 akulonjera Samueli mokondwa n'kunena kuti wachita zonse. Pa vesi 15, ziweto zitamuulula, akuti anthu ndiwo anazitenga, koma pa zoonongedwazo akudziwerengera limodzi nawo. Pa vesi 20 akulimbikira kuti anamvera. Pa vesi 24 akuvomera. Pa vesi 30 akuvomeranso, koma akupempha Samueli kuti amulemekeze pamaso pa akuluakulu. Katatu konse akutchula Mulungu kuti ndi wa Samueli, osanena kuti ndi wake. Cholakwacho chikuvomerezedwa pang'onopang'ono, ndipo nthawi iliyonse umboni ukayamba wamupanikiza. Apa ndi pomwe Samueli akuika kumvera pamwamba pa nsembe.

Poyerekeza ndi Davide ndi Nobu

Milandu iwiriyi imaoneka bwino ikaikidwa pambali pa nkhani zina ziwiri.

Yoyamba ndi ya Davide. Pa 2 Samueli 11 anatenga mkazi wa Uriya n'kukonza zoti Uriya afe kunkhondo. Pa muyeso uliwonse wa umunthu, izi n'zoipa kuposa kufulumira kupereka nsembe. Komabe ufumu sunachoke m'banja lake. Aphunzitsi achiyuda anaiona kale nkhaniyi. Mu Talmud ya ku Babulo, pa Yoma 22b, akunena kuti Sauli analakwa kamodzi n'kutaya ufumu, pomwe Davide analakwa kawiri osautaya. Kusiyana komwe bukuli likuonetsa kuli pa kayankhidwe: Natani atamudzudzula pa 2 Samueli 12, Davide anavomera nthawi yomweyo, osaloza wina chala ndiponso osapempha ulemu. Kusiyanaku n'koona, koma sikukwanira kufotokoza zonse. Pa 2 Samueli 7:15 lonjezo kwa Davide likunena poyera kuti chifundo chomwe chinachotsedwa kwa Sauli sichidzachotsedwa kwa mbewu yake, ngakhale itachimwa. Miyeso ya anthu awiriwa sinali yofanana, ndipo bukuli silikubisa.

Yachiwiri ndi ya ku Nobu, pa 1 Samueli 22. Wansembe Ahimeleki anapatsa Davide mkate ndi lupanga la Goliati, osadziwa kuti Davide akuthawa. Sauli analamula kuti ansembe aphedwe. Asilikali ake anakana, ndipo Doegi wa ku Edomu, mkulu wa abusa ake, anapha ansembe 85. Vesi 19 ikutchula omwe anaphedwa m'mudzimo: amuna, akazi, ana, makanda, ng'ombe, abulu ndi nkhosa. Mndandandawu ukufanana kwambiri ndi wa pa 15:3. Chiwonongeko chomwe Sauli sanachimalize kwa Aamaleki anachimaliza pa mudzi wa ansembe a mtundu wake, popanda womulamula. Talmud yomweyo ikulumikiza nkhani ziwirizi, ponena kuti yemwe anadziyesa wolungama mopyola pa Amaleki anadzakhala woipa mopyola pa Nobu. Taonaninso kuti asilikali omwe anakana lamulo la mfumu ku Nobu, ndi aja analanditsa Yonatani pa chaputala 14, bukuli silikuwadzudzula.

Vuto la lamulolo

Pali mfundo yomwe wowerenga woona mtima sangaidumphe. Lamulo la pa 15:3 ndi lopha makanda. Talmud ikuika m'kamwa mwa Sauli mtsutso wotere: ngati Deuteronomo 21 ikufuna mwambo wa ng'ombe yaikazi chifukwa cha mtembo umodzi wopezeka kuthengo, nanga miyoyo yonseyi, ndipo ana ndi ziweto analakwa chiyani? Martin Buber, katswiri wachiyuda yemwe anamwalira mu 1965, analemba m'zokumbukira za moyo wake kuti sankakhulupirira kuti uthengawu unachokera kwa Mulungu, ndipo ankaona kuti Samueli sanamumvetse Mulungu. Ena amati mawu a nkhondo a nthawiyo anali okokomeza, popeza Aamaleki akuonekeranso pa chaputala 27 ndi 30, ali ndi mphamvu zotentha mudzi wa Zikilaga.

Nkhaniyi sinathere m'mabuku. Pa 28 Okutobala 2023, nduna yaikulu ya Israel, Benjamin Netanyahu, inatchula Amaleki polankhula za nkhondo ya ku Gaza. Dziko la South Africa linaika mawuwo pa umboni wake pa mlandu womwe linatsegula ku International Court of Justice pa 29 Disembala 2023. Boma la Israel linayankha kuti ankanena za gulu la Hamas, osati anthu onse a ku Palestine. Kaya munthu aima mbali iti pa mlanduwo, zikuonetsa kuti kamasuliridwe ka dzina la Amaleki kamakhudza miyoyo ya anthu mpaka lero.

Chaputala 15 chomwecho chili ndi mfundo yosamasuka. Pa vesi 11 ndi 35 akuti Mulungu anamva chisoni kuti analonga Sauli ufumu, pomwe pa vesi 29 Samueli akuti Mulungu sasintha maganizo ngati munthu. Liwu la Chihebri m'malo onse atatuwa ndi limodzi. Samueli yemwe anapsa mtima nalirira kwa Mulungu usiku wonse, ndipo pambuyo pake analira maliro a Sauli akadali moyo. Wolembayo sanafune kuti tiwerenge kukanidwa kwa Sauli mosangalala.

Zomwe tapeza

Choyamba, mlandu wa pa chaputala 13 ndi wopepuka poyerekeza ndi chilango chake, ndipo kunena kuti Sauli analanda unsembe kulibe umboni wokwanira. Chachiwiri, mlandu wa pa chaputala 15 ndi wolimba, koma phata lake ndi kusankha mbali ya lamulo yomwe inali yopindulitsa, kenako n'kupereka lipoti lakuti zonse zachitika. Chachitatu, chomwe chikulumikiza milandu yonse ndi kuopa anthu. Sauli anabisala pakati pa katundu tsiku lomulonga ufumu, anafulumira anthu atayamba kubalalika, anagonjera asilikali pa ziweto, ndipo anapsa mtima ndi nyimbo ya amayi yotamanda Davide. Mantha omwewo ndiwo anamufikitsa ku Nobu ndi kwa mayi wobwebweta wa ku Endori.

Chachinayi, bukuli silikuphunzitsa kumvera aliyense yemwe ali pamwamba. Mfumu ndiyo ikuimbidwa mlandu, ndipo anthu wamba omwe anakana malamulo ake oipa akutuluka opanda banga. Wogwiritsa ntchito chaputala 15 potseka pakamwa omutsatira wadziika pamalo a Samueli, pomwe nkhaniyo ikunena za munthu waudindo ngati iye.

Chomaliza, bukuli silikumutaya Sauli. Afilisti atapachika mtembo wake pa linga la Betesani, amuna a ku Yabesi-Gileadi, mudzi womwe anaupulumutsa kwa Nahasi pa nkhondo yake yoyamba, anayenda usiku wonse, anautsitsa pamodzi ndi ya ana ake, anaika mafupa pansi pa mtengo kwawo, n'kusala kudya masiku 7. Buku la 1 Samueli likuthera pa masiku 7 amenewa.